Lachisanu Limene Ndinatumiza kwa Luembe

Ntchito yanga yoyamba inandipeza nditakhala kuseri kwa kauntala ya mankhwala a makoswe. Nditamaliza maphunziro a zamakompyuta ku Lusaka, ndinabwerera ku Petauke ndi pepala labwino ndi laputopu yothyoka pakona, ndipo kwa miyezi yambiri palibe amene anafuna kuona chilichonse mwa ziwirizi. Amalume anali ndi kasitolo ka mbewu ndi mankhwala a ziweto pa boma, ndiye ndinkawagulitsira. Makasitomala akachepa ndinkatsegula laputopu n'kumalemba timapulogalamu tosathandiza munthu, kuti zala zisaiwale.

Tsiku lina kunabwera bambo wina wamfupi, wa imvi za m'mbali, kudzafuna mankhwala a utitiri wa nkhuku. M'malo moyang'ana pa shelefu, anasuzumira pa laputopu yanga.

"Python pa kauntala ya poizoni?" anatero. "Nanga mizele itali-itali so, ni ndani anakuphunzitsani?"

Ine sindichedwa kupsa mtima, ndipo ndinawayankha kuti mizereyo ndi yaitali koma ikugwira ntchito. Anaseka, nandifunsa dzina. Ndinati ndine Misozi Sakala. Iwo anali a Daka, ndipo ankayang'anira za makompyuta pa kabungwe kena ka alimi ku Nyimba. Anali okha pa ntchitoyo ndipo anali atatopa. Patapita masabata awiri ndinakwera minibasi ndi chikwama chimodzi.

Ofesi inali zipinda ziwiri kuseri kwa chigayo. Chilichonse mmenemo chinkakhala choyera ndi fumbi la ufa, ngakhale tsitsi langa pofika madzulo. Pansi pa tebulo, pa njerwa zinayi, panali kompyuta yakale imene tinkaitcha seva, ndipo kumbuyo kwake kunalumikizidwa modemu yokhala ndi simukhadi. Ntchito ya zonsezi inali imodzi: kutumiza mameseji kwa alimi. Tinkawauza tsiku la dipi ya ng'ombe, tsiku la msonkhano, ndipo koposa zonse tsiku la katemera wa nkhuku.

Amene sanawetepo nkhuku za kumudzi sangamvetse chifukwa chake meseji ya katemera inali yofunika chotero. Nkhuku ya kumudzi sigwidwa masana. Ukangotsegula khola m'mawa, basi, yapita kutchire mpaka dzuwa litapendeka, ndipo ukayesa kuithamangitsa umangodzipatsa manyazi pamaso pa ana. Katemera wa chitopa ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, ndipo mtundu umene tinkagwiritsa ntchito ukangosungunulidwa sugona, uyenera kutha m'mawa womwewo. Choncho meseji yathu inkanena chinthu chimodzi chokha, kuti tsiku lakuti musatsegule khola mpaka wotemera afike. Tsiku likalakwika, zonse zalakwika.

Wotemera wathu wa kwa Luembe anali Amai Njobvu. Kwa nthawi yaitali ndinkangowadziwa mawu okha pa foni, mawu osamveka bwino ngati akulankhulira mu ndowa chifukwa cha netiweki ya kumeneko. A Daka anandiuza kuti zinawatengera nyengo zitatu za dzuwa kuti anthu awakhulupirire, chifukwa kunali mbiri yoti madontho amenewo ndiwo amabweretsa chitopa. Anayamba ndi nkhuku zawo, kuzitemera anthu akuona, kenako za anzawo a kutchalitchi, mpaka midzi inayamba kuwaitana yokha. Palibe chimene ankalandira choti munthu n'kusirira. Chimene anali nacho ndi dzina, loti Amai Njobvu akanena tsiku amafika, ndipo nkhuku zimapulumuka.

Tsopano ndifotokoze mbali ya ntchito yathu, poti ndi pamene panagona vuto. Zimene timalemba mu Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu, kompyuta sizimva yokha. Pali pulogalamu ina yaikulu, ife timangoti intapulita, imene imawerenga zolemba zathu mzere ndi mzere n'kumachita zimene zanenedwa. Pa seva yathu intapulita inkadzuka kamodzi m'mawa n'kukhala yomweyo mpaka magetsi azime. Fayilo iliyonse imaiwerenga kamodzi kokha n'kuisunga. Chinthu chimene wachilemba pamwamba pa fayilo, kunja kwa tizigawo ta ntchito timene timati mafankishoni, chimakhala chimodzi chokha m'pulogalamu yonse, ndipo gawo lililonse likhoza kuchiwerenga kapena kuchisintha. Chinthu chotero timati gulobo.

A Daka ankadana ndi magulobo. M'pulogalamu yawo, fankishoni iliyonse inkapatsidwa dera lake m'manja: yosankha alimi inkalandira dera, n'kulipereka kwa yolemba meseji, iyonso n'kulipereka kwa yotumiza. Kulikonse kumene ungayang'ane, dera, dera, dera. Ine ndinkaona ngati ndi ukalamba chabe. Ndinali nditawerenga zambiri za kulemba mwaukhondo, ndipo mumtima ndinkati bambo awa ndi abwino koma amabwerezabwereza ngati mlaliki amene waiwala pomalizira.

Mwezi wa Okutobala magetsi anayamba kuzima cha m'ma teni koloko, mameseji asanathe kupita. A Daka anagula modemu yachiwiri nandipatsa ntchito yanga yoyamba yeniyeni, yoti mamodemu awiriwa azitumiza nthawi imodzi. Ndinasangalala kwambiri. Ndinagawa ntchito m'njira ziwiri zoyenda limodzi mu intapulita yomweyo, zimene timati mathiredi, thiredi iliyonse ndi modemu yake ndi dera lake. Zikanathera pamenepo sibwenzi ndikulemba nkhani ino. Koma poti ndinali kale mkati, ndinati ndisesenso. Ndinachotsa dera m'mafankishoni onse, n'kulemba mzere umodzi pamwamba pa fayilo, dera_lino. Thiredi ikayamba inkalembapo dera lake, ndipo aliyense wofuna tsiku la katemera ankangowerenga pamenepo. Fayilo inafupika, inaoneka bwino, ndipo ndinadziona kuti ndine munthu.

Ndinayesa, musaganize kuti sindinayese. Ndinayendetsa dera la Luembe lokha, meseji inabwera pa foni yanga ikunena Lachitatu, zoona. Ndinayendetsa la Kacholola lokha, inanena Lachisanu, zoonanso. Chimene sindinachite ndi kuyendetsa onse awiri pamodzi n'kuwerenga zotuluka, chinthu chokhacho chimene ndinatumidwa kupanga.

Loweruka a Daka anamva za maliro a achibale awo ku Kaumbwe. Anayang'ana ntchito yanga ali chiimire, chikwama chili paphewa. Chala chawo chinaima pa mzere uja.

"A Sakala, ichi chili pamwamba ni cha ndani?"

"Ni cha dela imene itumizidwa," ndinatero.

"Nanga zikatumizidwa ziwili?"

Ndinati ndayesa, zonse zili bwino. Panja galimoto inali ikuliza hutala. Iwo anati, "Tizachiona nikabwela," natuluka. Sananene kuti ndisayendetse. Ine ndinamva zimene ndinkafuna kumva, ndipo Lolemba m'mawa ndinatumiza mameseji a katemera ku madera awiri onse. Anatha magetsi asanazime, ndipo ndinadzigulira fanta.

Lachitatu cha m'ma naini foni ya ofesi inalira. Anali Amai Njobvu, ndipo ankapuma mwamphamvu, poti kuti apeze netiweki ankayenera kukwera pachulu.

"Imwe a ku ofesi, mwawauza chani anthu? Nyumba iyi atsekela, nyumba iyi nkhuku zili mu sanga. Ine mankhwala nasungunula kale."

Yankho langa limandichititsabe manyazi. Ndinati, "Amai, mameseji onse anapita bwino. Kapena anthu sanawelenge mushe."

Ndiye kuti mlandu ndinauponyera anthu, kuti ndiwo sanawerenge bwino. Ndinamva Amai Njobvu akuitana wina chapatali, "A Mumba, bweletsani foni yanu kuno." Anandiwerengera meseji pang'onopang'ono, liwu ndi liwu, ngati akuwerengera mwana. Dzina la mudzi linali lolondola. Dzina lawo linali lolondola. Tsiku linali Lachisanu.

"Manje niuzeni," anatero, "ni ndani sanawelenge mushe?"

Anandiuza kuti anthu ayamba kukangana, wina akuonetsa foni yonena Lachitatu, mnzake wa khomo loyandikana akuonetsa yonena Lachisanu, ndipo onse akuti Amai Njobvu ndiwo asokoneza masiku. Anati atemera zimene zili m'makola, otsalawo mankhwala atayika. Anawonjezera kuti chitopa chamveka kale tsidya la dambo. Foni inaduka, kaya ndi netiweki kaya ndi iwo.

Ndinatsegula logi, kaundula amene pulogalamu imalembamo zimene yachita. Munali manambala a foni ndi mawu oti yatumizidwa, yatumizidwa, mpaka pansi. Mawu a meseji enieniwo sitinkawasunga. Ndinayendetsanso dera la Luembe mongoyesera, osatumiza: Lachitatu. Kachiwiri, Lachitatu. Kachitatu, chimodzimodzi. Chigayo chinali chikulira kuseri kwa khoma, thukuta likutsikira kumsana, ndipo ndinayamba kuganiza zopusa, zoti mwina a kampani ya mafoni asintha mawu m'njira. Munthu ukalakwa umafufuza kutali kwambiri usanayang'ane pamapazi pako.

Chimene chinanditsegula maso ndi meseji ya wotemera wa ku Kacholola. Analemba kuti anthu ena kumeneko atsekera nkhuku kuyambira m'mawa ndipo akumufunsa kuti ali kuti, pamene tsiku lake ndi Lachisanu. Masiku sanasowe, anasinthana. Ndinalemba mizere iwiri yoti pulogalamu izindionetsa dera poyamba kukonza meseji ndi pomaliza, n'kuyendetsa mathiredi onse awiri pamodzi mongoyesera. Sizinatenge ngakhale mphindi. Meseji yayamba ili ya Luembe, yatha ili ya Kacholola. Ina yayamba ya Kacholola, yatha ya Luembe. Zina zinkapulumuka, mwamwayi chabe.

Chinkachitika ndi ichi. Thiredi ikapereka meseji kwa modemu, imadikira yankho. Intapulita sikhala manja lende podikirapo, imapereka mpata kwa thiredi inayo. Inayo inkafika n'kulemba dera lake pa dera_lino, pamalo omwe aja, poti malowo ndi amodzi. Yoyamba ikabwerera kudzakonza meseji yotsatira, inkawerenga tsiku la mnzake osadziwa kuti pasintha kanthu. Dzina la mudzi linkachokera pa mbiri ya mlimi mwiniyo, n'chifukwa chake linkakhala lolondola ndipo palibe amene anakayikira. Zinali ngati minibasi imodzi yokhala ndi makondakitala awiri, wina akuitanira Chipata wina Lusaka, aliyense akutembenuza chikwangwani cha pagalasi mnzake akatembenuka.

A Daka anafika dzuwa litapendeka pang'ono, ali ndi fumbi la kumanda pa nsapato. Ndinawaonetsa zonse ndisanawapatse ngakhale moni wa maliro. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, ndipo kunena zoona ndinkakufuna, kuti mwina ndipepukidwe. Iwo anangokoka mpando.

"Na ine n'nachiona, n'nachisiya," anatero. "Tili awili. Manje mufuna kukonza bwanji?"

Ndinati ndiika loko, njira yoti thiredi imodzi ikagwira dera_lino inayo izidikira mpaka itamaliza. Anapukusa mutu. Anati loko igwira lero, koma mamodemu azidikirana ngati kale, ndipo chinthucho chikhalabe cha aliyense. Tsiku lina wina adzalemba fankishoni yatsopano n'kuiwala kutseka.

"Bwezani dela mu manja mwa aliyense. Yes, ni kubweleza-bweleza. Bwelezani."

Ndinabwezera zonse zimene ndinasesa zija, fankishoni ndi fankishoni, iwo ali pambali. Titamaliza anang'amba pepala m'kope nandiuza kuti ndilembe chilichonse chimene chili chimodzi mu intapulita yonse, ngakhale chimene sitinachilembe ife. Ndinaganiza kuti ndi ziwiri kapena zitatu. Pepala linadzaza. Foda imene pulogalamu ikuona kuti ilimo ndi imodzi kwa onse. Chigawo cha nthawi chimene wotchi ikutsatira n'chimodzi. Makonzedwe a logi ndi amodzi. Ngakhale chilankhulo cholembera mayina a masiku, Chinyanja kapena Chingerezi, tinapeza kuti pulogalamu ya a Daka omwe inkachisintha pamalo a onse, ndipo tinkangopulumuka chifukwa madera awiriwo onse ankalandira Chinyanja. Pa chilichonse tinalemba ngati chimaikidwa kamodzi podzuka n'kusakhudzidwanso, kapena chiyenera kuchoka pamwamba. Kenako tinalemba mayeso oyendetsa madera awiri pamodzi, tikuchedwetsa modemu mwadala kuti mathiredi alowererane, ndipo tinayamba kusunga mawu a meseji iliyonse mu logi.

Zonsezi zinali zosavuta poyerekeza ndi zotsala. Ndinkafuna kutumiza meseji yopepesa ndi kukonza tsiku. Ku Kacholola zinatheka, poti ndi pamsewu waukulu ndipo wotemera amakhala pakati pa anthu ake. Koma nditawapeza Amai Njobvu pa foni anakana.

"Osatumiza ina. Meseji yachitatu, sazakhulupilila iliyonse. Mwawauza Chisanu, bwelani pa Chisanu na mankhwala yatsopano. Ndipo mubwele imwe mwine wake."

Ndinayang'ana a Daka. Anati pulogalamu yakonzeka, chatsala ndi kwa Luembe, ndipo kumeneko kiyibodi sifika.

Lachisanu m'bandakucha ndinakwera njinga yamoto, bokosi lozizira la katemera lili pamiyendo. Msewu wa kwa Luembe umakuphunzitsa kuti uli ndi mafupa angati. Amai Njobvu ndinawapeza akundidikira pansi pa mtengo, mayi wamtali woonda, wovala nsapato za tenesi, ambulera ili m'khwapa. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Kansi ndimwe mwana so," anatero. "Tiyeni. Muziwa kugwila nkhuku?"

Ndinkadziwa, poti ndinakulira pakati pa nkhuku. Ine ndinkagwira mapiko ndi mutu, iwo n'kudonthezera m'diso, tikudikira kuti nkhuku iphethire tisanaitaye. Koma pa khomo lililonse, tisanayandikire khola, ankaima n'kunena kuti, "Uyu ndiye wa foni. Kambani, mwana wanga." Ndipo ine ndinkanena kuti tsiku ndinasokoneza ndine, osati Amai Njobvu. Pa khomo loyamba ndinalankhula chapansipansi, mwamanyazi. Pofika pa khomo lachisanu ndi chimodzi ndinali nditazolowera. Ena ankangogwedeza mutu. Mayi wina anaseka mpaka kugwira m'mimba, akuti iye ankayesa kuti foni imadzilembera yokha, kansi muli munthu wa miyendo iwiri, ndipo anandipatsa nsawawa za m'thumba. Bambo wina sanandiyang'ane n'komwe.

Mudzi womaliza unali m'mphepete mwa dambo. Pa khomo loyamba tinapeza nkhuku zitavala jekete, mapiko ali lende, maso ali otseka. Amai Njobvu anati zimenezi sazitemera, zadwala kale. Koma za makomo oyandikana zinkaoneka zamphamvu, ndipo eni ake anali atazitsekera kuyambira m'mawa pa dzuwa la Okutobala chifukwa cha meseji yanga. Anachonderera. Ndinaona Amai Njobvu akuyang'ana botolo nthawi yaitali. Kenako anati, "Gwilani," ndipo tinatemera.

Patatha sabata imodzi nkhuku za mudzi umenewo zinafa, pafupifupi zonse. Midzi ina yonse inapulumuka. A Daka anandiuza kuti katemera amatenga masiku kuti ayambe kuteteza, ndiye ngakhale Lachitatu mwina sizikanathandiza. Mwina ndi zoona, sindidziwa. Chimene ndikudziwa ndi zimene anthu a kumeneko ananena. Anati Amai Njobvu anasokoneza masiku, mankhwala a Lachitatu anawatsalira, ndiye anabwera kudzawathira nkhuku zawo mankhwala ogonera, otha mphamvu. Botolo latsopanolo ndinalinyamula ndine pamiyendo yanga kuchokera ku Nyimba, ndipo ndinanena pa khomo lililonse kuti wolakwa ndine. Sizinathandize. Ine ndinali mlendo wa tsiku limodzi, iwo ndiwo ankakumana nawo pa chitsime.

Zinandipweteka kwambiri, ndipo zimandipwetekabe. Chimene ndinatola n'chaching'ono koma sindichisiya. Ndikaona chinthu chili pamwamba pa fayilo, changa kapena cha munthu wina, ndimafunsa kuti ndani angachisinthe ine nditatembenuka, ndipo ngati yankho si loti palibe, ndimachitsitsa n'kuchipereka m'manja, ngakhale fayilo italike ndi kunyansa. Sindinena kuti ndayesa ngati ndayesa chimodzichimodzi zinthu zimene zidzayenda pamodzi. Achinyamata amene ndimagwira nawo ntchito masiku ano amati ndimabwerezabwereza. Ndimawasiya aseke.

Nyengo ya katemera wotsatira itayandikira, ndinali ndikukonza mndandanda wa alimi pamene Amai Njobvu anaimba. Anandifunsa za amayi anga, za mvula ya ku Nyimba, kenako anati mudzi wa kudambo uja ndiuchotse pa mameseji.

"Anena kuti nisapondeko na botolo yanga. Musawavutitse na foni."

Ndinayamba kupepesanso, koma anandidula. Anati zinatha, nditumize za midzi inayo, ndipo ndiwawerengere kaye tsiku ndisanatumize. Ndinawawerengera, iwo nabwereza pambuyo panga.

Manambala a mudzi uja anali khumi ndi anayi. Mzere umodzi ukanatha kuwachotsa onse nthawi imodzi. Ndinawachotsa limodzilimodzi, ndikuwerenga dzina la mwini wake.